Zatheka, windo ya ma settings ija ndaigawa ma tab

Ndabweranso abale, zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha pa vuto langa lija la windo ya ma settings mu Tkinter (library ya Python yopangira ma windo a pulogalamu), ija inadzadza mabokosi mpaka batani la Save kumabisala pansi pa sikirini ya laputopu. Ndinatsatira malangizo oti ndigwiritse ntchito ttk.Notebook yomwe imagawa windo m'ma tab, tab iliyonse ndi Frame yakeyake (malo oikamo mabokosi ndi mabatani), ndiye ndapanga ma tab atatu, ya akaunti, ya printa ndi ya backup, pano zikuoneka bwino zedi.

Poyamba ndinaika Save mkati mwa tab yoyamba, anthu akapita pa tab ya printa amaisowa, ndiye ndinaitulutsa, Save ndi Cancel zili pansi kunja kwa Notebook. Chomwe chinandivuta kwambiri nchoti munthu akasiya bokosi lopanda kanthu pa tab yomwe sakuiona, uthenga wa error umabwera koma iye osadziwa kuti walakwitsa pati, pano ndimaitana select() kuti imutsegulire tab imeneyo kenako focus_set() pa bokosilo kuti cursor ikhale pomwepo.

Musaiwalenso enable_traversal(), imalola munthu kusintha ma tab ndi Ctrl+Tab osagwira mausi.