Makutu akulira usiku wonse, ndingatani osasiya ntchito kapena ng'oma?

Wofunsa: Moni nonse abale anga a kuno ku Joni. Ndikupempha nzeru. Ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo pa shopu ina ku Booysens, timapanga mageti ndi zitsulo za m'mazenera. Tsiku lonse galainda ili pa chitsulo, pambali mnzanga akumenya ndi hamala, ndipo shopuyo ndi ya malata, ndiye phokoso limangozungulira momwemo. Loweruka ndi Lamlungu ndimaimba ng'oma ku tchalitchi ku Rosettenville. Makutu anga ayamba kulira ngati mluzu. Kale ndikagona ankasiya, pano sakusiyanso. Mayi a kunyumba akuti ndikumakweza TV kwambiri, ndipo mu teksi munthu akandilankhula ndimamva mawu koma osagwira zimene akunena. Kodi thonje lingathandize? Abwana akuti zotsekera m'makutu ndizigula ndekha. Ndikuopanso kuti ndikatseka makutu, mnzanga akandichenjeza za ngozi sindimva. Nanga makutu akafika apa amabwerera mwakale?

Bambo wa ku Germiston: Achimwene, thonje lisiyeni, phokoso la galainda limadutsa ngati mulibe kanthu. Ine ndimagwira m'fakitale, ndiye izi amatiphunzitsa. Lamulo la kuno la Occupational Health and Safety Act la 1993, ndi malamulo a phokoso amene ali pansi pake, amati phokoso likafika madesibelo 85 (madesibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) pa maola 8 a ntchito, bwana ayenera kukupatsani zotetezera makutu kwaulere komanso kukuyezetsani makutu. Si chifundo ayi, ndi udindo wake. Poyesa simukusowa makina: imani motalikirana ndi mnzanu kutalika kwa mkono. Ngati mukuchita kukuwa kuti mumvane, malowo afika kale poopsa. Ife tinakula tikuona madala amene anapita ku migodi ndi Wenela ndi Teba, ambiri anabwerera kumudzi akumva movutikira, ife n'kumangoti ndi ukalamba.

Mayi namwino wa ku Soweto: Mchimwene wanga, ndikuuzani chilungamo ngakhale chili chowawa. Mkati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tating'ono tokhala ndi titsitsi, tomwe timasandutsa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso likatiwononga sitimeranso, ndipo palibe mankhwala otibwezeretsa. Chimene mungapulumutse ndi chimene chatsala, ndipo n'chambiri ngati mutayamba lero.

Mawu oyamba kutayika ndi osongoka, monga "s" ndi "f". N'chifukwa chake mu teksi mukumva kuti munthu akulankhula koma mawu sakugwirika. Dziwaninso kuti phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi imene khutu lingapirire imadulidwa pakati: pa 85 ndi maola 8, pa 88 maola 4, pa 91 maola 2. Pofika pa 100, pomwe galainda imatha kufika ikamadula chitsulo, ndi mphindi 15 zokha. Inu mumaigwira kuyambira m'mawa mpaka poweruka, kenako masiku amene makutu akanapuma mumakhala pa ng'oma. Pitani ku kiliniki akulembereni kalata yokayezetsa makutu. Ku zipatala za Chris Hani Baragwanath, Charlotte Maxeke ndi Helen Joseph kuli akatswiri ake. Pepala la zotsatira mulisunge bwino, chifukwa ugonthi wobwera ndi ntchito uli m'gulu la matenda olipiridwa pansi pa COIDA, lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala kapena odwala chifukwa cha ntchito, ndipo popanda umboni wa kuyeza nkhaniyo siyenda.

Mnyamata wa ku Diepsloot: Mwina ndi phula chabe, donthezeranimo mafuta ophikira muchotse ndi kamtengo ka machesi.

Mayi namwino wa ku Soweto: Chonde musatokose m'khutu ndi kamtengo, mungaboole. Ngati ndi phula, ku kiliniki akaliona ndi kulichotsa bwinobwino.

Bambo wa ku Germiston: Za kuopa kuti simumva mnzanu: pamalo aphokoso, munthu wa makutu abwino amatha kumvabe mawu atavala zotsekera, chifukwa khutu silikhala lodzazidwa ndi phokoso. Poti anu ayamba kale kuvuta, gwirizanani ndi anzanu zizindikiro za manja. Koma kavalidwe ndiye nkhani. Ambiri amangoika ka earplug pakhomo pa khutu, theka lili panja, kamangokhala chokongoletsa. Kaja ka siponji mukapotokole ndi zala zoyera mpaka kaonde, dzanja lina lidutse pamwamba pa mutu mukokere khutu m'mwamba ndi kumbuyo, mulowetse, n'kukagwira ndi chala mpaka katafufuma. Mukalankhula mawu anu azimveka ngati muli mu mgolo. Pogwira galainda nthawi yaitali, onjezerani zija zophimba khutu lonse pamwamba pake. Musamavule "pang'ono chabe" galainda ikulira, mphindi zimenezo ndi zomwe zimadya chitetezo cha tsiku lonse.

Woyendetsa zokuzira mawu ku Turffontein: Ng'oma musasiye, akulu, ndi mphatso. Kuli ma earplug a oimba okhala ndi kasefa mkati, amatsitsa phokoso koma nyimbo imamvekabe bwino, amapezeka m'masitolo a zida zoimbira. Chinanso, uzani anzanu asunthe sipika isakulozeni kukhutu. Ife Amalawi timakonda kuti holo izinjenjemera, koma ndimamva chisoni ndikaona mayi wabereka khanda atakhala mzere woyamba pafupi ndi sipika. Atsogoleri a mipingo tiyeni tiganizirepo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ku kiliniki ndipita sabata ino. Koma za abwana ndikuopa, ife obwera tikalankhula amati tikufuna zambiri. Ndiyambe bwanji osachotsedwa ntchito?

Bambo wa ku Germiston: Musapite nokha. Lankhulani kaye ndi anzanu onse a mu shopumo, eni dziko ndi obwera omwe, chifukwa makutu awonso akulira. Mupite limodzi mwaulemu, mupemphe bokosi la ma earplug la shopu yonse, silidula poyerekeza ndi madisiki a galainda amene amagula mwezi ndi mwezi. Akakana, a Department of Employment and Labour ali ndi oyendera malo a ntchito, mukhoza kukadandaula. Podikira zimenezo, gulani anu ku hadiweya mawa lomwe musanalowe mu shopu.