Kodi phunziro la zolembedwa pa community college limafuna chiyani kwenikweni?

Wophunzira wa ku Indiana analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mayi wochokera ku Malawi ndipo ndikukhala ku Indiana, m'dziko la America, kumene masana ndimagwira ntchito yosamalira okalamba pamene madzulo ndimaphunzira pa community college (koleji ya maphunziro a zaka ziwiri) ya m'dera lathu, ndi cholinga choti ndidzalowe maphunziro a unamwino. Chaka chatha ndinamaliza phunziro loyamba la kalembedwe ka Chingerezi, ndipo semesita ino mlangizi wa maphunziro anandiuza kuti ndisankhe phunziro limodzi la m'gulu la humanities (maphunziro a zolembedwa, mbiri ndi chikhalidwe cha anthu), choncho ndinatenga la zolembedwa, momwe tikuwerenga nkhani zazifupi, ndakatulo ndi sewero limodzi.

Ndinalisankha chifukwa ku sekondale ndinkalikonda ndipo pa mayeso a MSCE ndinakhoza bwino, koma chimangirizo changa choyamba chabwera ndi C. Aphunzitsi alemba m'mphepete kuti ndangofotokozanso nkhaniyo m'malo moizukuta, komanso kuti sakuona mfundo yangayanga imene ndikuiikira kumbuyo. Ine ndinalemba monga tinkachitira kwathu: ndinatchula ampangankhani ndi makhalidwe awo, malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa nkhani, kenaka phunziro limene tikutolapo. Ndikupempha amene munadutsa njira imeneyi kuti mundithandize kumvetsa kuti kuzukuta kumene akufunaku ndi kotani, ndiponso kuti wophunzira wamba ngati ine angayambe bwanji kunena maganizo ake pa ntchito ya wolemba wodziwika popanda kuoneka wodzikuza. Tsiku lomaliza loti munthu asiye phunziro n'kupatsidwa W (chizindikiro chakuti walisiya yekha) layandikira, ndipo popeza malo a unamwino amalimbiranidwa poyang'ana GPA (avareji ya magiredi a wophunzira), ndikulingalira zolisiya.

Mphunzitsi wa Chichewa wopuma anayankha kuti:

Mayi, zimene mwalembazo si zachilendo, ndipo sizikutanthauza kuti ku sekondale munaphunzitsidwa zolakwika. Mafunso a zolembedwa pa mayeso a MANEB amafuna kwambiri kuti wophunzira asonyeze kuti bukulo analiwerenga ndipo akulikumbukira, n'chifukwa chake ife aphunzitsi tinkalembetsa manotsi a ampangankhani ndi mfundo zazikulu kuti ana aloweze. Aphunzitsi anu a ku koleji akuyambira pamene ife tinkalekezera. Iwo akudziwa kale kuti nkhaniyo mwaiwerenga, ndipo iwonso anaiwerenga kambirimbiri, kotero kuwauza zimene zinachitika m'nkhanimo sikuwapatsa chatsopano. Chimene akufuna kumva ndi chimene inu mwaona pa momwe nkhaniyo inalembedwera, ndi chifukwa chimene mukuganizira kuti wolemba anasankha njira imeneyo osati ina.

Ndipereke chitsanzo chongopeka. Tinene kuti mwawerenga nkhani ya mtsikana wogwira ntchito zapakhomo kwa anthu olemera. Mukalemba kuti nkhaniyi ikukamba za umphawi ndi kuponderezana, mwanena zoona, koma palibe angakutsutseni, ndipo mfundo imene munthu sangaitsutse siifunikanso masamba anayi oiteteza. Koma tinene kuti powerenga kachiwiri mwazindikira kuti nthawi iliyonse imene mtsikanayo akulankhula ndi abwana ake, wolemba akumuimika pakhomo kapena pachipata, ndipo palibe ndime imene yamuonetsa atakhala pansi m'chipinda. Pamenepo mukhoza kulemba kuti wolemba akugwiritsa ntchito makomo ndi zipata posonyeza kuti mtsikanayo saloledwa kukhala wa m'banjamo ngakhale kuti mayi wa pakhomopo amamutchula kuti mwana wawo. Imeneyo ndiyo thesis, mfundo yaikulu imene chimangirizo chonse chikuiteteza, ndipo imakhala kumapeto kwa ndime yoyamba. Ndime zotsatira zimatenga malo amodziamodzi m'nkhanimo, kugwira mawu enieni a wolemba mwachidule, ndi kufotokoza momwe mawuwo akuchirikizira mfundo yanu. Kufotokozako kuzikhala kotalika kuposa mawu ogwidwawo. Ngati pali ndime imene ikuoneka kuti ikutsutsana nanu, mwachitsanzo pamene mtsikanayo wadya nawo patebulo tsiku la chikondwerero, musaibise, koma muitchule ndi kunena chifukwa chimene mfundo yanu ikuimabe.

Pa nkhani ya kudzikuza, ganizirani za bwalo la milandu kwa amfumu. Munthu wamng'ono amaloledwa kulankhula pamaso pa akuluakulu malinga ngati zimene akunena zili ndi umboni, ndipo amene amadzudzulidwa ndi uja wongolankhula za m'mutu mwake. Simukuweruza wolembayo ngati munthu, ndipo simukufunsidwa kunena ngati nkhaniyo ndi yabwino kapena yoipa. Mukungosonyeza momwe ikugwirira ntchito.

Ndiwonjezere kuti luso limeneli muli nalo kale kuposa momwe mukuganizira. Munthu amene anakulira pakati pa miyambi, zining'a ndi nyimbo za pamtondo, momwe mayi amadzudzula apongozi kapena mwamuna wake popanda kutchula dzina, amadziwa kuti mawu amanena china pamwamba ndi china pansi. Boma litakhazikitsa lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo mu 1968, alakatuli a gulu la alembi la ku Chancellor College, limene linayamba mu 1970, ankabisa madandaulo awo m'nthano zakale, m'nyama ndi m'nyengo, ndipo owerenga ankamva bwino lomwe zimene zinkanenedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu womvetsa amangogwedeza mutu n'kukhala chete, pamene ku kolejiko akufuna kuti mulembe poyera kuti mwamva chiyani ndipo mwachimvera pa mawu ati. Ine ndikuona kuti musasiye.

Namwino wa ku Indianapolis anayankha kuti:

Achemwali, ndikugwirizana ndi aphunzitsiwa pa za kalembedwe, koma pa funso losiya kapena kupitiriza ndikufuna kuti muyambe mwawerengera bwino, chifukwa chilimbikitso chokha sichikweza GPA. Tsegulani silabasi imene munapatsidwa tsiku loyamba ndipo muone kuti chimangirizo choyambacho chili ndi gawo lalikulu bwanji pa malikisi onse. Kawirikawiri ntchito yoyamba imalemera pang'ono poyerekeza ndi yomaliza, ndipo aphunzitsi ambiri amalola kulembanso chimangirizo chimodzi mutalandira ndemanga zawo. Ngati zili choncho, C mmodzi wa koyambirira sangakulepheretseni kumaliza ndi B kapena A. Muonenso ngati pulogalamu ya unamwino imene mukuifuna imawerengera maphunziro onse kapena imangosankha ochepa, monga a anatomy, kalembedwe ndi psychology, chifukwa makoleji amasiyana pa zimenezi ndipo mlangizi wanu akhoza kukuonetsani pepala lake.

Dziwaninso kuti W ali ndi mtengo wake. Salowa mu GPA, koma amakhalabe pa transcript (chikalata cha zotsatira za maphunziro anu onse), ndalama zimene munalipira nthawi zambiri sizibwezedwa ikadutsa milungu yoyambirira, ndipo ngati mumalandira thandizo la boma kudzera mu FAFSA (fomu yopemphera thandizo la ndalama za sukulu), koleji imayang'ana kuchuluka kwa makirediti (muyeso wa kukula kwa phunziro lililonse) amene mwamaliza poyerekeza ndi amene munalembetsa, ndipo malire ake m'malo ambiri ndi magawo awiri mwa atatu. Amene ali pa viza ya ophunzira ya F-1 ali ndi lamulo linanso loti asatsike pa makirediti 12 pa semesita. Komanso mukalisiya, mudzafunikabe kutenga phunziro lina la m'gulu lomwelo kuti mukwanitse makirediti pafupifupi 60 a digiri ya zaka ziwiri yotchedwa associate. Kuno ku Indiana kuli dongosolo la Indiana College Core, la makirediti 30 a maphunziro oyambira amene amalandiridwa m'makoleji ndi m'mayunivesite onse a boma la chigawochi, ndipo mbali ina ya dongosololi ndi ya humanities ndi luso. Mukadzafuna kupitiriza mpaka digiri ya zaka zinayi, phunziro limeneli lidzapita nanu malinga mwakhoza ndi C kapena kuposerapo.

Chimene chimagwetsa ambiri a ife ogwira ntchito ndi nthawi. Phunziro la makirediti 3 limawerengeredwa kuti pa ola lililonse la m'kalasi pakhale maola ena awiri owerenga panokha, kutanthauza maola pafupifupi 9 pa mlungu pa semesita ya milungu 15 kapena 16, ndipo ngati ndi la milungu 8, ntchitoyo imawirikiza. Nkhani yaifupi imafunika kuiwerenga kawiri, koyamba kuti mudziwe zochitika, kachiwiri muli ndi pensulo m'manja. Munthu wochoka ku shifiti ya maola 12 sangachite zimenezi usiku wa tsiku loti apereke ntchito.

Ponena za phindu lake pa unamwino, ine ndinaliona. Mayeso a TEAS, amene mapulogalamu ambiri a unamwino amafuna polowera, ali ndi gawo la kuwerenga limene limafunsa cholinga cha wolemba ndi umboni wa mfundo yake. Mayeso a NCLEX, opezera chilolezo chogwira ntchito ya unamwino, chiyambire kusinthidwa mu 2023, ali ndi nkhani za odwala zimene umaziwerenga n'kusankha zizindikiro zofunika pakati pa zambiri zosafunika. Ndipo mu lipoti la wodwala umayenera kusiyanitsa chimene waona ndi maso ndi chimene ukuganiza kuti chikutanthauza.

Wothandiza ophunzira ku writing center anayankha kuti:

Ndimagwira ntchito yothandiza ophunzira pa kalembedwe pa community college ina ku Texas, ndipo ndikufuna kutsindika zinthu zimene anthu ochokera kwathu sazigwiritsa ntchito mokwanira. Pafupifupi koleji iliyonse yotere ili ndi writing center yaulere, ndipo ambiri amathandizanso pa intaneti kwa ophunzira a madzulo. Sitikulemberani ndipo sitikonza chiganizo chilichonse, koma timakufunsani mafunso mpaka mfundo yanu itatuluka. Mubwere ndi pepala la malangizo a ntchitoyo, nkhani imene mukuizukuta, ndi chimangirizo chakale chokhala ndi ndemanga za aphunzitsi. Aphunzitsi nawonso ali ndi maola amene amakhala mu ofesi kudikira ophunzira. Ambiri a ife tinaleredwa kuti kupita kwa mphunzitsi kukafunsa za malikisi ndi mwano, koma kuno amakuona ngati wophunzira wakhama, makamaka mukapita ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu za thesis n'kufunsa kuti champhamvu ndi chiti.

Pali mfundo imodzi imene ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi opumawa. Ndi zoona kuti tinazolowera mawu ophiphiritsa, koma chizolowezi chomwecho chimatipangitsanso kulemba mozungulira, kuyamba ndi mawu ambiri olonjera nkhani ndi kusunga mfundo yeniyeni mpaka ndime yomaliza, monga amachitira wolankhula waulemu pamsonkhano. Chinanso n'chakuti timathamangira kupeza phunziro la makhalidwe, chifukwa nthano zathu zimatha ndi chilangizo. Nkhani zambiri zimene mudzawerenge m'kalasimo sizinalembedwe kuti zilangize munthu, ndipo chimangirizo chomaliza ndi mawu oti tiyenera kukondana kapena kulemekeza makolo chimaoneka kuti chathawa nkhaniyo. Nthawi zambiri ndikamawerenga ntchito ya wophunzira wa kwathu ndimapeza thesis yabwino itabisala m'ndime yomaliza, ndipo ntchito yathu imangokhala kuisamutsira kutsogolo ndi kukonzanso ndime zina kuti ziitsatire. Yesani kuwerenganso ndime yomaliza ya chimangirizo chanu chija.

Samalaninso ndi kalembedwe ka MLA, kosonyezera kumene mwatenga mawu a ena, kamene maphunziro a zolembedwa amatsatira, ndipo buku lake la malangizo limene likugwiritsidwa ntchito panopa ndi lachisanu ndi chinayi, la 2021. Mawu alionse ogwidwa amafuna dzina la wolemba ndi nambala ya tsamba, kapena nambala ya mzere ngati ndi ndakatulo, ndipo zochitika za m'nkhani zimalembedwa ngati zikuchitika tsopano. Chofunika koposa ndi ichi: kuloweza manotsi a munthu wina n'kuwalemba ngati anu, kumene pa mayeso a ku sekondale kunalibe mlandu, kuno ndi kuba nzeru, ngakhale mutasintha mawu ena. Makoleji ambiri amadutsitsa ntchito mu Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta yofufuza zokopera, ndipo chilango chimayambira pa ziro pa ntchitoyo mpaka kulephera phunziro lonse. Zolemba za ChatGPT nazonso zili ndi malamulo ake mu silabasi, ndipo kupatula malamulowo, zimakonda kutulutsa mfundo zachisawawa zomwe zija aphunzitsi anu akuzikana. Akadzakuuzani kuti mugwiritse ntchito zolemba za akatswiri, pitani kwa woyang'anira laibulale akuonetseni JSTOR, nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba zoterezi, koma muyambe mwalemba maganizo anu musanawerenge a ena.

Wophunzira wa ku Indiana analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Ndaona mu silabasi kuti chimangirizo chimodzi chimaloledwa kulembedwanso pasanathe milungu iwiri, ndipo ndapangana ndi a writing center Lachinayi madzulo. Ntchito yotsatira ndi ya ndakatulo ya mizere 14, ndipo ndikufunsa ngati njira yofufuza chinthu chobwerezedwa imagwiranso ntchito pa ndakatulo yaifupi chotero.

Mphunzitsi wa Chichewa wopuma anayankhanso kuti:

Imagwira ntchito, Mayi, koma pa ndakatulo ya mizere 14 muyang'anenso pamene maganizo akutembenuka. Ngati ndi soneti (mtundu wodziwika wa ndakatulo ya mizere 14), kutembenukako kumapezeka kawirikawiri pa mzere wa 9, kapena pa mizere iwiri yomaliza, ndipo mawu onga "koma" kapena "komabe" m'Chingerezi ndiwo amakulozerani. Muiwerenge mokweza katatu, mulembe chimene wolankhula akunena asanatembenuke ndi chimene akunena atatembenuka, ndipo musaiwale kuti wolankhula mu ndakatulo si mlakatuli mwiniwake. Thesis yanu ikhoza kuchokera pa funso loti kodi mizere yomalizayo yathetsadi vuto limene mizere yoyamba inadzutsa, kapena yangoliphimba. Mukalemba chiganizo chanu choyamba, chiikeni pano tichione musanapite nacho Lachinayi.