Chifalansa ndi chinenero chamanja ku sekondale: mwana angakwanitse zonse ziwiri?

MakeTadala:

Ndithandizeni nzeru abale. Mwana wanga ali Fomu 1 ndipo pasukulu pawo amaphunzitsa Chifalansa. M'kalasi mwawo mwabweranso mtsikana wosamva, ndiye ana angapo akufuna kuyambitsa kalabu ya chinenero chamanja Lachitatu masana. Iye akufuna zonse. Kodi sizimusokoneza mutu? Chifalansa cha kusukulu munthu amatuluka nacho akuyankhuladi? Nanga kalabuyo ayiyambe bwanji, poti mphunzitsi wodziwa zamanja palibe? Panopa akungoonera mavidiyo pa YouTube.

Mphunzitsi_wa_Chifalansa:

Mayi, kusokoneza sizisokoneza ayi. China chimalowera m'makutu, china m'maso. Chimene chimagwetsa ana ndi kuchepa kwa maola. Tiwerengetsere limodzi. Tiyerekeze kuti Chifalansa chili ndi mapiriyodi 3 pa sabata, iliyonse ya mphindi 40. Amenewo ndi maola 2. Masabata ophunziradi pa chaka, mukachotsa a mayeso ndi a masewera, akhale 36: maola 72. Zaka zinayi sakufika maola 300, pamene kuti munthu afike pa mlingo wa chinenero wotchedwa B1, pomwe amatha kucheza yekha osagwidwa dzanja, pamafunika maola pafupifupi 350 mpaka 400. Ndiye mwana amakhoza MSCE, koma akakumana ndi Mkongo wa ku Dzaleka amangoti "bonjour" n'kuuma pakamwa. Mpatawo amautseka ndi mphindi 20 tsiku lililonse, osati maola atatu Loweruka lokha.

Mphindi 20 zimenezo azigawe chonchi. Zisanu abwereze mawu a dzulo ndi a sabata yatha. Khumi amvetsere, wailesi ya RFI ili ndi nkhani za tsiku ndi tsiku m'Chifalansa chosavuta, zimapezeka pa intaneti, ndipo ndi bwino kumvetsera kachigawo kamodzi katatu kusiyana ndi kumvetsera zonse kamodzi. Zisanu zotsalazo ayankhule mokweza, ngakhale akhale yekha kuseri kwa nyumba.

Pali zolakwa zimene zimabwera chaka ndi chaka. Dzina lililonse aliloweze pamodzi ndi "le" kapena "la" wake. Asalembe "table" yekha, alembe "la table". Zimenezi si zachilendo kwa ife: timati munthu wamkulu, chinthu chachikulu, nyumba yaikulu, dzina ndi limene likulamula mawu otsatira. Kusiyana kwake n'koti Chifalansa chili ndi magulu awiri okha, koma dzinalo nthawi zambiri silikuuza gulu lake. "Tu" ndi "vous" ndi iwe ndi inu basi, pamenepo ana athu savutika.

Povuta ndi pakamwa. Ife l ndi r timasinthanitsa mawu osasintha tanthauzo, koma kumeneko "lit" ndi bedi, "riz" ndi mpunga. R wawo amatulukira kukhosi. Palinso "u" ndi "ou": "rue" ndi msewu, "roue" ndi gudumu. Kuti "u" atuluke, anene "i" kenaka asongole milomo ngati akuimba mluzu, lilime osalisuntha. Komanso asamatchule zilembo zambiri za kumapeto, ndipo asawonjezerepo "i" kapena "o" monga timachitira ndi buledi kapena sopo. Aneni anayi awa, être, avoir, aller ndi faire, awadziwe ngati dzina lake asanamalize Fomu 1, chifukwa nthawi yakale ndi yamtsogolo zimamangidwa pa atatu oyambawo. Amene wawazemba amakakodwa ku Fomu 3.

Ngati cholinga n'kukaphunzira kumayiko oyankhula Chifalansa, limodzi mwa mapepala amene amafuna ndi la DELF, mayeso oonetsa mlingo wa Chifalansa chimene munthu akudziwa. Lili ndi zigawo zinayi, kumva, kuwerenga, kulemba ndi kuyankhula, chilichonse malikisi 25. Kukhoza ndi 50 pa 100, koma ukapeza ochepera 5 pa chigawo chimodzi walephera onse. Mayunivesite ambiri a ku France amafuna B2, mlingo wotsatira pamwamba pa B1.

WaKuNguludi:

Za Chifalansa aphunzitsi anena bwino. Ine ndikhale pa za manja, ndipo ndiyambe ndi YouTube: aisiye kaye. Mavidiyo ambiri kumeneko ndi a chinenero chamanja cha ku America kapena cha ku Britain. Chinenero chamanja si chimodzi dziko lonse. Ngakhale ziwirizo sizimvana, chonsecho mayiko onse awiri amayankhula Chingerezi. Cha ku Britain chimalemba zilembo ndi manja awiri, cha ku America ndi dzanja limodzi, ndipo cha ku America chibale chake chili ku France, chifukwa Laurent Clerc, mphunzitsi wosamva wa ku Paris, ndi amene anathandiza kutsegula sukulu ya osamva ku Hartford mu 1817. Malawi ali ndi chake. Ana akaloweza zakunja adzapita kwa mnzawoyo ndi zizindikiro zimene iye sazidziwa, ndipo chinthu chimene dzanja lazolowera molakwika chimavuta kuchotsa.

Poyambira ndi bungwe la anthu osamva la MANAD, limene linatulutsa mtanthauziramawu wa chinenero chamanja cha ku Malawi mu 2021. Aphunzitsi aakulu alembe kalata yopempha munthu wosamva wamkulu woti azibwera, ngakhale kawiri pa mwezi, ndipo makolo asonkhe ya thiransipoti ndi yomuthokoza. Angafunsenso ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu kapena kusukulu za ana osamva monga Maryview, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ndi Embangweni. Buku palokha silikwanira, chithunzi sichionetsa mmene dzanja likuyendera. Mtsikanayo athandize ngati akufuna, koma asamusenzetse uphunzitsi. Nayenso wabwera kudzaphunzira.

Chizindikiro chilichonse chili ndi mbali zisanu: mmene zala zapindidwira, pamene dzanja laikidwa (pamphumi, pachibwano, pachifuwa), mmene likuyendera, kumene chikhatho chayang'ana, ndi nkhope. Ukasintha chimodzi wanena china kapena sunanene kanthu. Ana akumva amalimbikira manja n'kuiwala nkhope, chonsecho funso limaonekera pa nsidze ndi pa mutu. Nkhope ikauma, funso limasanduka chiganizo wamba. Asankhenso dzanja limodzi lotsogolera, wamanzere agwiritse lamanzere, osamasinthasintha.

Kalabuyo isapitirire ana 15. Akhale mozungulira kuti aliyense aziona manja a mnzake. Wophunzitsa asaime chofulatira windo, chifukwa kuwala kukachokera kumbuyo nkhope imada. Lamulo lalikulu ndi lakuti ola lonselo pakamwa patsekedwe. Mukalola mawu, ana amayankhula Chichewa kapena Chingerezi n'kumangoponyapo chizindikiro apa ndi apo, ndipo chinenerocho chili ndi kasanjidwe kake ka mawu kosatsata zinenero ziwirizo. Pa ola limodzi zizindikiro zatsopano 10 mpaka 15 n'zokwanira, ndipo zikhale zogwiritsa ntchito mawa lomwe: moni, mayina a maphunziro, nthawi, chakudya, "sindinamve, bwerezanso". Theka la nthawi lipite ku kuwerenga manja a ena, chifukwa kupanga chizindikiro n'kosavuta kuposa kuchimva wina akamachipanga pa liwiro lake. Dzina lamanja, chizindikiro choimira munthu, asadzipatse okha, amapereka ndi anthu osamva akakuzolowera.

Chimodzi ndinene kwa aphunzitsi a m'kalasimo, chifukwa chimandiwawa. Musadalire zoti mwanayo awerenga milomo. "Pano" ndi "mano" zimaoneka chimodzimodzi pakamwa, "bala" ndi "pala" chimodzimodzinso, ndipo k ndi g saoneka n'komwe. Musayankhule mukulemba pabolodi. Mwana wosamva sangayang'ane womasulira uku akulemba, choncho manotsi apatsidwe phunziro lisanayambe. Pomuitana, mugwireni paphewa pang'ono kapena kwezani dzanja pamene akuona, osamuponyera kanthu.

Bambo_aku_Mwanza:

Ndiwonjezere za mapointi, poti makolo pamapeto timayang'ana pamenepo. Chifalansa chimalembedwa pa MSCE ndipo chingalowe m'maphunziro asanu ndi limodzi owerengera mapointi. Chinenero chamanja MANEB siyesa, ndiye kalabuyo siwonjezera kanthu pa satifiketi. Anzathu a ku South Africa anayamba kuchilemba pa mayeso a matric, omalizira sekondale, mu 2018, ndipo mu 2023 chinakhala chinenero cha boma cha nambala 12. Ku Zimbabwe chinalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 2013. Ife tikuchedwa, komatu omasulira akusowa m'zipatala, m'makhoti ndi m'makalasi momwemo.

Koma ine sindigwirizana ndi zoti chinenero chakunja ndi Chifalansa chokha. Kwa mwana wa ku Mwanza, Dedza kapena Mulanje, Chipwitikizi chili pakhomo: katundu wathu amadutsa ku Tete, Beira ndi Nacala. Ubwino wake, amene wagwira Chifalansa savutika nacho, chifukwa zonse zinachokera ku Chilatini ndipo mawu ambiri ndi apachibale. Angoti asaziyambe chaka chimodzi, pamenepo ndiye zimasakanikirana. Chifalansa chikhazikike zaka ziwiri kaye.

MakeTadala:

Zikomo nonse. Ndiye ngati munthu wa ku MANAD atachedwa kupezeka, anawa adikire?

WaKuNguludi:

Asadikire mayi. Ayambe ndi zimene sizifuna mphunzitsi: kope limodzi lolemberana ndi mnzawoyo, ndi kusinthana ntchito yomukopera manotsi, mwana mmodzi pa phunziro lililonse. Amufunse iye zilembo ndi zizindikiro zimene amagwiritsa ntchito, ndipo akalola amujambule pa foni timavidiyo ta masekondi 10, kuyambira m'chiuno kufika pamwamba pa mutu, atavala malaya a mtundu umodzi opanda maluwa kuti zala zizioneka bwino. Timavidiyoto tisatuluke m'kalabumo popanda chilolezo chake ndi cha makolo ake.