Nyimbo zanga za FLAC zabalalika mu Navidrome, ndizisanje bwanji?

Wa_ku_Chilomoni analemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munadutsamo kale m'zimenezi.

Bambo anga anandisiyira katoni ya ma CD. Ambiri ndi a makwaya a mpingo, ena ndi a jazi omwe ankagula ali pa ntchito ku Johannesburg, ndipo pansi pa katoniyo pali makaseti. Ma CD ndawakopera pa kompyuta ngati FLAC (mtundu wa fayilo ya nyimbo wosataya mawu) pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Exact Audio Copy (EAC). Kenako ndaika Navidrome, pulogalamu ya seva yotumiza nyimbo ku mafoni, pa kalaputopu kakale kamene kamakhala pafupi ndi rauta. Cholinga changa n'choti mayi azimvera nyimbozi pa foni yawo ali kuchipinda, ana nawonso pabalaza, zonse zikuyenda pa Wi-Fi ya m'nyumba osadya bandulo.

Pa kompyuta mafoda ali bwinobwino, chimbale chilichonse foda yakeyake. Koma ndikatsegula Navidrome zimandigwetsa ulesi. Chimbale chimodzi chimene munaimba makwaya osiyanasiyana chikuoneka ngati zimbale zambirimbiri, china nyimbo ziwiri, china imodzi. Kwaya imodzi ikupezeka katatu pa mndandanda wa oimba. Zimbale zambiri za kwathu kuno zangolembedwa kuti Unknown Artist, nyimbo zake Track01, Track02, zikuto palibe. Mayi anayesa kusaka nyimbo imene bambo ankaikonda, sanaipeze, anangoika foni pansi n'kuyatsa wailesi. Zinandikhudza kwambiri.

Ndiyambire pati? Ndisinthe mayina a mafoda, kapena vuto lili kwina? Ndipo makasetiwo ndiwasakanize ndi ma CD kapena akhale paokha?

Mwini_Gumbagumba anayankha:

Achimwene, mafodawo asiyeni kaye. Navidrome siwerenga mayina a mafoda kuti idziwe chimbale, imawerenga matagi amene ali m'kati mwa fayilo iliyonse. Mu FLAC matagiwa amatchedwa Vorbis comments, ndipo ndi timizere tosavuta: ARTIST, ALBUM, TITLE, TRACKNUMBER, DATE, ndi zina zotero. Foda ingakongole bwanji, ngati timizereti tasemphana seva idzabalalitsa nyimbo basi.

Tagi imene ikukuvutitsani kwambiri ndi ALBUMARTIST. Anthu ambiri amadzaza ARTIST yokha n'kuiwala mnzakeyu. ARTIST ndi amene waimba nyimbo imodziyo, ALBUMARTIST ndi mwini chimbale chonse. Pa chimbale chanu cha makwaya ambiri, nyimbo iliyonse ikhale ndi dzina la kwaya yake pa ARTIST, koma zonse zikhale ndi mawu amodzimodzi pa ALBUMARTIST, kaya Various Artists kaya dzina la amene anakonza chimbalecho, ndipo muonjezere COMPILATION yokhala ndi nambala 1. Mukatero zidutswa zija zidzabwerera pamodzi. N'chimodzimodzi woimba akaitana mnzake pa nyimbo imodzi: mayina awiriwo apite pa ARTIST ya nyimbo imeneyo yokha, ALBUMARTIST isasinthe. Onaninso DATE. Nyimbo zina zikakhala ndi chaka, zina zopanda, kapena zaka zosiyana, maseva ena amaganiza kuti ndi zimbale ziwiri za dzina limodzi.

Za kwaya yooneka katatu, kompyuta imawerenga chilembo ndi chilembo. Pena munalembedwa St. ndi kadontho, pena St popanda, pena Saint. Pena CCAP ili kutsogolo, pena kumapeto. Ngakhale kampata kotsala kumapeto kwa dzina kamene maso saona kamatha kubala woimba wachiwiri. Kwa ife olemba Chichewa palinso msampha wina. Kachizindikiro ka mu ng' ndi m' kali mitundu iwiri, kowongoka kamene kali pa kiyibodi ndi kopindika kamene Word ndi mafoni ena amaika okha. N'chimodzimodzi w ndi ŵ. FLAC imasunga matagi mu UTF-8, choncho ŵ imalandira bwinobwino, koma sankhani kalembedwe kamodzi ndipo musachokepo. Ine ndinasankha kowongoka ndi w wamba, chifukwa ndi zimene anthu a m'nyumba mwanga amatayipa akamasaka pa foni. Ndili ndi kope limene ndimalembamo dzina la gulu lililonse m'mene ndinaligwirizira, ndipo chimbale chatsopano chikabwera ndimayang'ana kaye m'menemo.

Zida zake ndi ziwiri, zonse zaulere pa Windows. Za jazi zija yambani ndi MusicBrainz Picard, imene imatenga mayina a nyimbo m'nkhokwe ya pa intaneti ya MusicBrainz. Kokerani foda m'menemo, dinani Cluster kuti isonkhanitse nyimbo za chimbale chimodzi, kenako Lookup. Ikalephera dinani Scan, imene imamvetsera mawu a nyimbo kudzera mu AcoustID n'kuyerekeza ndi zimene zili m'nkhokwe yawo. Musafulumire kudina Save. Chimbale chimodzi chimatha kukhala chotuluka ku South Africa, china ku Britain, china chobwerezedwa patapita zaka chili ndi nyimbo zoonjezera. Tengani CD m'manja, yerekezani chiwerengero cha nyimbo, chaka ndi nambala ya kampani imene ili pamsana pa chikuto, ndiye musankhe. Scan ndimaigwiritsa ntchito mosamala, chifukwa imatha kutenga nyimbo za chimbale chimodzi n'kuzimwaza m'zimbale zosonkhanitsa zosiyanasiyana kumene nyimbozo zinatulukanso.

Za makwaya athu musayembekezere zambiri kwa Picard. Zimbale zojambulidwa m'masitudiyo ang'onoang'ono n'kumagulitsidwa pakhomo pa tchalitchi nthawi zambiri palibe amene anazilowetsa pa intaneti, n'chifukwa chake EAC inakupatsani Track01. Apa ndi ntchito ya manja, ndipo chida chake ndi Mp3tag. Dzina lisakunamizeni, imagwira FLAC bwino kwambiri. Sankhani nyimbo zonse za mu foda imodzi, lembani ALBUM, ALBUMARTIST ndi chaka kamodzi kokha kumanzere, sungani, kenako mulembe mitu ya nyimbo umodziumodzi mukuwerenga pa chikuto. Ikatha ntchito imeneyo, Mp3tag yomweyo ikhoza kusintha mayina a mafayilo kuchokera pa matagi, kuti foda ikhale ya mwini chimbale, m'kati mwake chaka ndi dzina la chimbale, m'katimo 01, 02 ndi mutu wa nyimbo. Ziro wa kutsogoloyo ndi wofunika, apo ayi nyimbo ya 10 imakhala patsogolo pa ya 2 mukaika pa flash ya m'galimoto. Chimbale cha ma CD awiri chikhale ndi ALBUM imodzi, musiyanitse ndi DISCNUMBER. Musalembe CD1 pa dzina la chimbale.

Zikuto: jambulani ndi sikana kapena foni pamalo owala, dulani kuti chikhale cha mbali zofanana, mapikiselo 1000 mbali iliyonse akwana. Chisungeni mu foda ya chimbalecho ndi dzina loti cover.jpg. Navidrome imachiona yokha. Jambulaninso kumbuyo ndi m'kati, chifukwa pa zimbale za makwaya m'menemo ndi momwe muli mayina a opeka nyimbo, otsogolera kwaya ndi situdiyo, ndipo pepala lija likanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe mbiri imeneyo siipezekanso kwina.

Langizo langa lalikulu n'lakuti musayese kukonza katoni yonse nthawi imodzi. Pangani foda ina ya zosakonza imene Navidrome siiona. Chimbale chizilowa mu foda ya seva pokhapokha chitatha kukonzedwa. Yambani ndi zimene mayi amakonda, kuti akatsegula foni apeze zochepa koma zopezeka.

NaPhiri_Leeds anayankha:

Zimene anena a Mwini_Gumbagumba ndi zoona zokhazokha. Ine ndingoonjezera chimodzi musanataye nthawi pa chimbale chilichonse: si CD iliyonse imene ili ndi mawu athunthu. Ma CD ambiri amene tinkagula kwa obena nyimbo mu msika anachokera pa MP3. Mukaikopera ngati FLAC fayilo imakula, koma zimene MP3 inataya sizibwerera.

Tembenuzani CD muone pansi pake. Yochokera ku fakitale nthawi zambiri imakhala yasiliva ndipo pa mkombero wa pakati pali tizilembo ta kampani, pomwe yobena imakonda kuoneka yobiriwirako kapena yabuluu, dzina lolembedwa ndi maka. Koma yobena siitanthauza kuti ndi ya MP3, makwaya ambiri ankabena okha kuchokera ku situdiyo. Kuti mutsimikize, tsegulani nyimbo imodzi mu kapulogalamu kotchedwa Spek, kamene kamaonetsa pa chithunzi mafrikwensi (kHz) amene mawu a nyimboyo akufika. CD yeniyeni imatha kufika pa 22 kHz. Mukaona chithunzicho chadulidwa mowongoka ngati ndi lumo cha pa 16 kHz, imeneyo nthawi zambiri inali MP3 ya 128 kbps. Zojambula zakale za pa tepi nazonso sizifika pamwamba, koma zimazilala pang'onopang'ono, sizidulidwa mwadzidzidzi.

Zoterezi musazitaye, mwina ndi kope lokhalo limene latsala. Ine ndimangolemba pa COMMENT kuti yachokera pa MP3, kuti tsiku lina ndikapeza yabwino ndidziwe yoti ndichotse.

Wa_ku_Chilomoni analemba:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayesa pa chimbale cha makwaya ambiri chija, ndaika ALBUMARTIST ndi COMPILATION, ndauza Navidrome kuti iwerengenso, ndipo chabwerera chimodzi, chikuto chili pomwepo. Achemwali a ku Leeds, ma CD awiri a makwaya adulidwadi pa 16, ndawalemba monga mwanenera.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Zimbale za jazi zikumveka motsika, za kwaya zikuphulika, moti mukasakaniza mumangokhalira kukweza ndi kutsitsa voliyumu. Chachiwiri ndi GENRE, tagi ya mtundu wa nyimbo. Picard yandiikira mitundu yambiri yachizungu imene mayi sangaimvetse. Ndingalembe yanga? Za makaseti ndikudikirabe.

Fundi_wa_Mawaya anayankha:

Za voliyumu, mankhwala ake ndi ReplayGain. Musakhudze mawu enieniwo powakweza mu Audacity, pulogalamu yojambulira ndi kukonzera mawu, mukatero mwasintha chimene munavutikira kusunga. ReplayGain imangoyeza kukwera kwa nyimbo n'kulemba nambala mu tagi, pulogalamu yoimbira ndi imene imatsitsa kapena kukweza poimba. Mu pulogalamu ya foobar2000 sankhani nyimbo zonse, muuze kuti iyeze monga zimbale potsata matagi. Imalemba nambala ziwiri, ya nyimbo ndi ya chimbale. Mukamamvera chimbale chonse gwiritsani ya chimbale, kuti nyimbo imene oimba anafuna ikhale yofatsa ikhalebe yofatsa. Mukasakaniza gwiritsani ya nyimbo. Pa foni ya Android, Symfonium imalumikizana ndi Navidrome ndipo imamva matagi amenewa, koma ndi yogula.

Poti sindinaone wina atatchula, ndinene za magetsi. Hard drive imene ikulembedwa magetsi n'kuthima ikhoza kuononga fayilo. Mwachita bwino kugwiritsa laputopu chifukwa batire yake imakutetezani, bola ikhale ikusungabe moto. Komabe khalani ndi hard drive yachiwiri, muzikoperako mukamaliza gawo lililonse, muichotse pa waya, ndipo ngati n'kotheka izikhala kwa m'bale kunyumba ina. Malo si vuto: chimbale chimodzi cha FLAC chimadya pakati pa 250 ndi 450 MB, ndiye ya 1 TB ikhoza kunyamula zimbale zoposa 2,000. Ma CD mukhoza kukoperanso, koma maola amene mukutayipa mayina a makwayawa ndi amene akupweteketsani mtima mukawataya. Ubwino wina wa FLAC ndi woti fayilo iliyonse imasunga chidindo cha MD5 cha mawu ake, ndiye lamulo la flac -t limakuuzani ngati ina yavunda mwakachetechete.

Mwini_Gumbagumba anayankha:

GENRE ndi yanu, lembani zimene a m'nyumba mwanu amanena. Kwanga kuli Kwaya, Zamaliro, Zaukwati, Za Khirisimasi, Jazi, Zakale. FLAC imalola GENRE kukhala kangapo pa nyimbo imodzi, ndipo mu Mp3tag mumalekanitsa ndi timizere tiwiri totsamira kumbuyo, chonchi: Kwaya\\Zamaliro. Mitunduyi ikhale yochepa, ikachuluka palibe amene amaitsegula. Mu Picard muzimitse zoti izitenga ma genre ku MusicBrainz, apo ayi tsiku lina idzafufuta zanuzo. Ngati mayi amasaka nyimbo ndi mzere woyamba osati mutu wa pa chikuto, kapena ndi nambala ya m'buku la nyimbo la mpingo wawo, musasinthe TITLE. Apangireni mndandanda wawo mu Navidrome wa nyimbo zimene amazifuna kawirikawiri, muutche dzina limene iwo angalizindikire.

Makaseti alowe mu nkhokwe yomweyo, asakhale paokha, chifukwa womvera amafuna kwaya, safuna kudziwa kuti inachokera pa chiyani. Pezani deki yabwino, pukutani mutu wake ndi kathonje konyowetsa ndi isopropyl, lumikizani ku kompyuta ndi waya wa line out. Musanajambule, zungulizani kasetiyo mpaka kumapeto n'kubweza kuti tepi imasuke. Jambulani mbali yonse mu Audacity pa 44.1 kHz, voliyumu isafike pofiira, ikani zizindikiro pomwe nyimbo iliyonse yayambira, ndipo Audacity idzakudulirani mafayilo onse nthawi imodzi ngati FLAC. Kope la mbali yonse losadula ndi losachotsa phokoso lisungeni padera. Pa matagi lembani MEDIA kuti Cassette, manambala apitirire kuchoka ku mbali A kulowa B osayambiranso pa 1. Chaka chikapanda kulembedwa pa chikuto, siyani DATE yopanda kanthu ndipo zimene mukuganiza mulembe pa COMMENT.

Pomaliza ndikupempheni chinthu. Mukamaliza chimbale cha kwaya chimene chili ndi chikuto chake chenicheni, tsegulani akaunti pa MusicBrainz n'kuchilowetsa, ndi yaulere ndipo aliyense amaloledwa. Nyimbozo simuzitumiza pa intaneti, mumangolemba mayina, mitu, chaka ndi situdiyo, kenako CD ili mu kompyuta muuze Picard itumize Disc ID yake, chizindikiro chodziwitsa CD imeneyo. Wina amene ali ndi CD yomweyo ku Mzuzu kapena ku Leeds akadzaiika mu kompyuta, mayina adzabwera okha. Ngati tsamba lolowetsera likukuzunguzani mutu, jambulani chikuto mbali zonse muike pano, choyambacho tilowetsere limodzi.