Sienta yanga ikuwira ikamakwera mtunda wa ku Dedza. Kodi ndi gasiketi zoona?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanatulutse ndalama. Ndili ndi Toyota Sienta ya 2008, injini yake 1NZ ya 1.5. Ndinaigula mu Epulo kwa munthu wina konkuno ku Lilongwe. Miyezi yonse yozizira ija sinandivutepo, ndimangopitira kuntchito ndi kukatenga ana kusukulu.

Loweruka lapitali tinanyamuka ulendo wa kumudzi ku Ntcheu, anthu asanu ndi matumba awiri a feteleza kumbuyo, dzuwa lili phwee ngati mmene Okutobala amachitiramu. Titadutsa Linthipe, tikuyamba kukwera kulowera ku Dedza, kanyali kofiira ka kutentha kanayamba kuphethira. Galimotoyi ilibe singano yoonetsa kutentha, ili ndi kanyali basi, ndiye sindikudziwa kuti inayamba kutentha tili pati. Ndinaima pambali nkuzimitsa. Titatsegula boneti tinapeza kathanki kapulasitiki ka pambali kaja kakusefukira, madzi akubwadamuka. Tinadikira ola lathunthu, anyamata ena anatitungira madzi pamjigo, tinathira pafupifupi malita awiri, ndipo tinafika bwino koma mwapang'onopang'ono. Pobwerera kanayakanso tikuyandikira Lizulu.

Lolemba ndinapita nayo kwa makaniko. Anangotsegula boneti, kufinya paipi ya pamwamba, nkunena kuti gasiketi, yomwe imamata pakati pa hedi (chapamwamba cha injini) ndi thupi la injini, yapsa, hedi ichotsedwe ikasikimidwe, kutanthauza kukaipala kuti iwongoke. Sanayeze kalikonse. Anandiuzanso kuti thermostat, kachida kotsegula ndi kutseka njira ya madzi pakati pa injini ndi rediyeta, mulibe, anachotsa mwini wakale, ndipo fani anailumikiza kuti izingozungulira kiyi akangoyatsa. Ine zimenezi sindimazidziwa.

Zomwe ndaona ndekha ndi izi. Oyilo ali bwinobwino, sakuoneka ngati tiyi wamkaka. Utsi woyera kumbuyo sukutuluka. M'mawa imalira kamodzi osanjenjemera. Pansi pomwe imagona sipakudontha kanthu. Koma madzi a mu rediyeta ndi ofiirira ngati a m'chithaphwi. Mtauni, ngakhale nditakhala pamzere wa magalimoto ku Old Town masana, kanyali sikayaka.

Ndalama yomwe wanditchulira ndi yomwe ndinasungira fizi ya mwana wa Fomu 3, ndiye ndikufuna kutsimikiza kaye. Pali njira yodziwira ngati ilidi gasiketi injini isanaphwasulidwe?

Mkulu wina wa garaja ku Blantyre:
Mayi, musalole kuti atsegule injiniyo musanayeze. Gasiketi sitiyeza ndi zala. Mwachita bwino kufotokoza nthawi imene ikutentha, chifukwa yankho lili pomwepo. Galimoto imene imatentha ikaima pamzere koma nkuzizira ikamathamanga, timayamba kukayikira fani, fyuzi yake kapena relay, kaswitchi koyatsa faniyo, poti ikaima mphepo yoziziritsa imachokera ku fani yokha. Yanuyo ikuchita zosiyana. Mtauni ili bwino, ikuwira pamtunda itanyamula katundu. Apo ndiye kuti injini ikamagwira ntchito yaikulu, kutentha komwe ikutulutsa kukuposa komwe rediyeta ikutha kutaya. Wokayikiridwa woyamba ndi rediyeta yotsekeka, ndipo madzi ofiirira mwanenawo akuchitira umboni. Timapaipi ta mkati mwa rediyeta nting'onoting'ono kwambiri. Dzimbiri ndi mchere wa m'madzi a pamjigo zikaunjikana, theka la rediyeta limasiya kugwira ntchito inu osadziwa, mpaka tsiku lomwe mwakumana ndi phiri.

Yambani ndi kapu ya pa rediyeta, chinthu chotchipa kuposa zonse. Anthu amaiona ngati chivindikiro wamba, koma ntchito yake ndi kusunga mpweya wopanikiza madzi kuti asawire msanga. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ku Dedza, komwe nkokwera kupitirira mamita 1,500, amawira cha pa 95. Kapu yabwino yolembedwa 1.1 imakweza malire amenewo kufika cha pa 120. Ndiye labala wake akatha kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira injini isanatenthe mopitirira muyezo nkomwe, nkuthawira mu kathanki kaja kusefukira. Madzi akachepa, kutentha kwenikweni kumayamba. Itsegulani m'mawa injini ili yozizira, muone labala ngati wang'ambika kapena wauma.

Dalaivala wa ma Sienta a Lilongwe–Salima:
Achemwali, za thermostat musadandaule nazo. Chimenecho anaikira kwawo kozizira ku Japan, kuno kotentha timachotsa tonse. Yanga ilibe chaka chachitatu chino.

Mkulu wa garaja uja:
Achimwene, apo ndikutsutsani mwaulemu. Thermostat siikidwa chifukwa cha chisanu cha ku Japan. Ya mu 1NZ imayamba kutseguka pakati pa madigiri 80 ndi 84, kuti injini ifike msanga pa kutentha komwe anaipangira nkukhazikika pamenepo. Mukaichotsa, injini imayenda nthawi yaitali ili yozizira, kompyuta yake imangowonjezera petulo poganiza kuti sinatenthebe, ndipo mkati mumatha msanga. Ndi mmene mafuta avutiramu, mukudzilipiritsa nokha. Koma chondidetsa nkhawa pa galimoto ya mayiwa nchina. Munthu sachotsa thermostat ndi kulumikiza fani dayirekiti galimoto ili bwino. Mwini wakale anali kulimbana ndi vuto lomweli, analibisa osalichiza, nkugulitsa nyengo yozizira ikuyamba.

Mayi wina wa ku Zomba:
Ine Vitz yanga inachita chimodzimodzi ndipo ndinapsa dzanja potsegula kapu ili yotentha. Chonde musadzatsegule isanazizire, madzi ake amatumphuka mpaka kumaso. Komanso ena adzakuuzani kuti muswere dzira kapena muthire sopo mu rediyeta kuti kudontha kusiye. Musalole, zimenezo nzomwe zimakatseka timapaipi tija.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Bambo a ku Blantyre, kapu ndaiona, labala wake ndi wouma ndipo wang'ambika mbali imodzi, yolembedwa 1.1. Koma nkhawa yanga ikadali pa gasiketi, poti yatentha kawiri. Ndiyeze bwanji?

Mkulu wa garaja uja:
Nkhawayo njomveka, chifukwa hedi ya injini imeneyi ndi ya aluminiyamu ndipo ikatentha kwambiri imapindika. Oyilo woyera satsimikizira kuti gasiketi ili bwino. Imatha kupsa pakati pa silinda ndi njira ya madzi, oyilo osakhudzidwa, mpweya wa mu silinda nkumalowa m'madzi. Chitani izi m'mawa injini isanalire. Tsegulani kapu, dzadzani madzi mpaka pakhosi, lizani injini kapu ili chotsegula, muyang'ane. Tithovu tingapo poyamba si vuto, ndi mpweya wotsalira. Koma thovu likamatuluka mosalekeza, makamaka wina akaponda mafuta pang'ono, kapena madzi akamatumphuka injini isanatenthe nkomwe, pamenepo nkhani yaipa. Chizindikiro china ndi paipi ya pamwamba kulimba gwa patangotha mphindi imodzi kapena ziwiri injini italira kuchokera kozizira.

Kuti mtima ukhale pansi, funani garaja yomwe ili ndi block tester. Ndi kabotolo kokhala ndi mankhwala abuluu komwe amakaika pakhosi pa rediyeta. Ngati mpweya wa mu silinda ukulowa m'madzi, mankhwalawo amasanduka achikasu. Awapemphenso apope mpweya mu rediyeta ndi pressure tester, aone ngati singano ikutsika. Ikatsika, penapake pakudontha, ndipo pa magalimoto amenewa muyang'ane msoko womwe pulasitiki ya pamwamba pa rediyeta ikumana ndi chitsulo, ndiponso pansi pa pampu ya madzi, pomwe pamakhala kabowo kodontha pampu ikayamba kutha. Kudontha kwakung'ono kumauma pa injini yotentha, nchifukwa chake pansi simuona kanthu, koma kumasiya zoyera kapena zofiirira zouma. Zonsezi sizitha ola.

Mnyamata wokonza zamagetsi a galimoto:
Ndiwonjezereko pang'ono, madala. Mayi, muwalitse tochi pakati pa rediyeta ndi condenser ya AC, yomwe imakhala kutsogolo kwa rediyetayo. Galimoto zoyenda kumudzi zimadzaza udzu, tizilombo ndi matope pamenepo, mphepo osadutsa. Ndipo poti yanu ilibe singano, pemphani amene ali ndi makina a diagnosis akwere nanu, muone nambala yeniyeni mukukwera mtunda. Kanyali kofiira kamayaka zinthu zitafika kale patali. Fani ija aibwezere mmene inalili, iziyaka yokha ikafunika. Ngati kanyali kadzayakenso muli panjira, zimitsani AC, yatsani hita mpaka kumapeto ndi kutsegula mawindo pamene mukufuna poima. Hita imakoka kutentha kwa injini. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha.

Dalaivala uja:
Ndamva, akulu. Yanga imamwadi mafuta kuposa za anzanga, sindimadziwa kuti zikugwirizana.

Wofunsa:
Ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera. Kuyesa kwa m'mawa kuja thovu silinatuluke. Dzulo ndinapeza garaja ina yomwe ili ndi kabotolo kaja, ndipo mankhwala anakhalabe abuluu, ndinaima pomwepo ndikuona ndi maso anga. Atapopa mpweya singano sinatsike. Kenako anatenthetsa injini, kuzimitsa, kuchotsa waya wa fani nkundigwiritsa rediyeta. M'mbali munali motentha koma pakati ponse panali pozizira. Ataichotsa nkuthira madzi pamwamba, pansi amangotuluka pang'onopang'ono, akuda bii. Kumaso kwake kunalinso udzu wambiri monga ananenera achimwene a zamagetsi.

Ndagula rediyeta ina, kapu ya 1.1 ndi thermostat ku Malangalanga. Thermostat anayamba aiviika m'madzi otentha ndikuona, inatseguka madzi asanawire. Atsuka injini mkati katatu mpaka madzi kuyera, ndipo fani abwezera pa relay yake. Funso langa lotsala ndi la coolant, mankhwala amadzi othira mu rediyeta. Wogulitsa ali ndi wobiriwira, wofiira ndi wapinki, ndipo akuti onse ndi amodzi. Ndithire uti, nanga ndisakanize ndi madzi?

Mkulu wa garaja uja:
Ndasangalala, mayi. Si amodzi ayi, ndipo musasakanize mitundu. Wa Toyota wapinki, wolembedwa Super Long Life, amabwera wosakaniza kale, mumangothira osawonjezera madzi. Wofiira nthawi zambiri amafunika kusakaniza theka ndi theka, koma werengani pabotolo chifukwa mtundu wokha umanamiza. Posakaniza gwiritsani madzi a distilled, omwe timathira mu batire aja, osati a pamjigo kapena pachitsime. Pothira, hita ikhale pa kutentha, injini ilire kapu ili chotsegula mpaka paipi ya pansi itenthe ndipo fani iyake yokha, kuti mpweya wonse utuluke. Mpweya ukatsalira kanyali kadzayakanso, inu nkuganiza kuti ntchito yalephereka. Masiku atatu otsatizana, m'mawa musanalize, muone mu rediyeta ndi mu kathanki. Tsiku loyamba akhoza kutsika pang'ono, muwonjezere. Akatsikanso lachiwiri ndi lachitatu mudzatiuze.

Wofunsa:
Ndathira wapinki. Lachitatu anatsika pang'ono, Lachinayi ndi lero ali pamzere womwewo. Mawa tikupitanso ku Ntcheu kukasiya matumba otsala, ndipo mnyamata wa kugaraja wavomera kukwera nafe ndi makina ake mpaka ku Dedza kuti tione nambala pamtunda uja.