Tizinthu toyera mu FBS ikasungunuka: yawonongeka kapena ayi?

Wophunzira_Lab:
Akuluakulu, ndithandizeni. Botolo la 500 ml la FBS (fetal bovine serum, madzi a m'magazi a ana a ng'ombe osabadwa omwe timakulitsira maselo mu labu) likasungunuka mumaoneka tizinthu toyera ngati ulusi wa thonje tikuyandama. Ndi tizilombo kodi? Nanga botolo likatsegulidwa lisungidwe bwanji, poti mu medium (madzi a chakudya cha maselo) timangothiramo 10%?

Nangozo:
Musaitaye, achimwene. Kawirikawiri ndi fibrin, puloteni youndanitsa magazi, kapena mafuta monga cholesterol. Maselo sapwetekeka nazo. Pa maikulosikopu muthanso kuona timadontho takuda tikunjenjemera, koma tambiri mwa timeneti ndi calcium phosphate, ndipo timachuluka serum ikakhalitsa pa 37°C. Ngati mtima sukukhazikika, thirani pang'ono mu medium yopanda mankhwala opha mabakiteriya, muike mu incubator masiku 3, kenako pakani pa agar (pomeretsera mabakiteriya) kapena chitani Gram stain (kupaka utoto woonetsa mabakiteriya). Mabakiteriya amachulukana n'kudetsa medium, fibrin imangokhala momwemo.

Mukafuna kuzichotsa, zungulitsani serum pa centrifuge (makina ozungulitsa machubu) pa mphamvu ya 400 × g mphindi 5, mutenge zapamwambazo. Musayambire kusefa, sefa ya 0.2 µm imatsekeka msanga.

Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi changu. Botolo likachoka mu firiza ya -20°C ligone mu firiji ya 2 mpaka 8°C usiku wonse, mawa lake mumalizire pa tebulo kapena m'madzi a 37°C. Muziligwedeza mozungulira pang'onopang'ono, chifukwa mchere ndi mapuloteni zimatsikira pansi, pamwamba n'kutsala madzi okhaokha. Osakhutchumula, thovu limawononga mapuloteni.

Bambo_a_Maselo:
Pa kasungidwe, gawani tsiku lomwe mwasungunula. Mu hood (kabati ya mpweya wosefedwa), ndi pipette yosatsegulidwapo, thirani m'machubu a 50 ml koma musadzaze, lekezani pa 40 kapena 45 ml. Serum ikaundana imafufuma, chivindikiro chimang'ambika, ndiye tizilombo tapeza polowera. Lembani lot number (nambala ya gulu yolembedwa pa botolo) ndi deti pa chubu chilichonse, muundanitse machubuwo ali chiimire. Chubu chimodzi chisungunuke kamodzi basi. Mu firiji serum yosungunuka isapitirire masabata 4. Pa -20°C makampani ambiri amapereka zaka 5.

Firiza ya frost-free, ija yosungunula yokha madzi oundana, siyabwino pa ntchitoyi chifukwa imatenthera n'kuziziranso mobwerezabwereza. Kuno kwathu onjezani nkhani ya magetsi. Undanitsani madzi theka la kachubu, kenako mukaike mozondoka pafupi ndi serum. Mukapeza madziwo atsikira ku chivindikiro, dziwani kuti firiza inasungunuka inu kulibe.

Masamu nawonso: 50 ml ya serum mu 450 ml ya medium ndiye 10%. Mukathira 50 ml mu botolo lodzaza la 500 ml mwapeza 9% yokha.

Wophunzira_Lab:
Zikomo kwambiri. Nanga kuitenthetsa pa 56°C n'kofunika nthawi zonse?

Nangozo:
Ayi. Cholinga chake n'kupha mphamvu ya complement, mapuloteni a chitetezo opezeka mu serum, ndipo zimafunika makamaka pa ntchito za chitetezo cha m'thupi, monga maselo oyera a m'magazi. Maselo a munthu okulitsidwa mu labu ngati HeLa kapena HEK293 amakula bwinobwino popanda zimenezo. Ambiri amangotenthetsa poti anapeza anzawo akutero, chonsecho kutenthako kumaononga zina mwa zokulitsa maselo ndipo tizinthu toyera tija timachuluka.

Ikafunikadi, serum iyambe yasungunuka yonse. Viikani botolo lake m'madzi otenthetsera, pambali pake ikani botolo lofanana nalo la madzi ochuluka chimodzimodzi, muli thermometer. Mphindi 30 muyambe kuwerenga thermometer ikafika pa 56°C, osati pomwe mwaviika botolo. Gwedezani mphindi 5 mpaka 10 zilizonse, madzi otenthetsera afike pa mzere wa serum koma asakhudze chivindikiro. Nthawi ikakwana, thamangitsirani pa ayisi. Mukaiiwala m'madzimo imalimba pansi ngati dzira lophika, ndipo imeneyo ndi yotaya.