Ndithandizeni: ndikalankhule bwanji ndi olemba ntchito akabwera pasukulu?

Moni nonse abale ndi alongo m'gulu muno.

Ndili chaka chomaliza ku yunivesite, ndikuphunzira za akaunti. Mwezi wamawa kusukulu kwathu kukubwera makampani kudzakumana ndi ife amene tikumaliza, ndipo vuto langa ndi loti ndikayambire pati kuti akandikumbukire. Pamatebulo awo pamakhala piringupiringu, wolemba ntchito amangolandira CV n'kuisanjika pamulu, kenako waitana kale wina.

Ndinapita ku ofesi yolangiza za ntchito, anangondipatsa chitsanzo cha CV n'kundiuza kuti ndidzavale bwino. Ndatsegula LinkedIn, ndalemberanso makampani angapo pa imelo, koma kuli zii. Chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ambiri akufuna munthu amene anagwirapo kale ntchito, pomwe ine ndili ndi internship yaifupi basi, kuphatikizapo usungichuma wa bungwe la ophunzira, umene ndinkalemba ndalama zolowa ndi zotuluka n'kupereka lipoti kumsonkhano.

Inu amene munadutsamo kale, kodi usungichumawu ndiulembe pa CV ngati ntchito? Ndikawafunse mafunso otani? Nanga kuwalembera imelo pambuyo pake n'koyenera, kapena zimaoneka ngati kukakamira? Chonde ndithandizeni, nthawi yatha kale.